Kabokosi kamodzi, lembo limodzi: mbiri ya crossword ndi mawu a kunyanja kuno

 Angapo mwa inu mwakhala mukundifunsa ngati ndidasiya zija ndinkakuvutitsani nazo Lachisanu masana, zojambula timabokosi pa bolodi zija. Sindidasiye ayi. Kope la masamu la timizere lija likadali m'chikwama, pamodzi ndi pensulo ndi labala. Koma ndaona kuti zaka zonsezi ndinkangokupatsani mafunso osakuuzani kumene sewerolo lidachokera, ndiye lero ndati ndibweze ngongole. Nkhaniyi ndi yayitaliko, pezani pokhala.

Kwa amene simudakumane nazo, crossword ndi sewero la mawu opingasa ndi otsitsa. Wopanga amajambula timabokosi, tina n'kutidetsa, tina n'kutisiya toyera. M'kabokosi koyera kalikonse mumalowa lembo limodzi basi. Mawu ena amayenda chopingasa, ena chotsitsa, ndipo pamene akumana amagawana lembo. Pambali pamakhala mafunso, ndipo woyankha amalemba yankho m'timabokosimo. Kuyankha n'kokoma, koma kupanga ndiye ntchito imene imandigoneka mochedwa.

Ine ndine wakumtunda, ndidakulira ku Ntcheu, kumene nsomba tinkaidziwa ili youma kale. Crossword ndidayamba kuiona mu 1994 ndili Fomu 1. Inali nthawi ija nyuzipepala zidachuluka ngati bowa pambuyo pa referendamu ya 1993, ndipo zotsala zake zinkathera pamsika. Tsiku lina mayi adandituma usipa, wogulitsa n'kukulunga m'pepala lachingerezi lokhala ndi timabokosi takuda ndi toyera. Ndidalisunga pepalalo ngakhale linkanunkha. Ndidatha sabata yathunthu ndikulimbana nalo, ndipo ndidapeza mawu atatu okha. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzakaphunzitsa kwawo kwa usipawo, ndi kuti usipa womwewo udzandipulumutsa pa ntchito yopanga crossword. Za izi ndinena kutsogoloku.

Kumene idayambira

Crossword yoyamba imene anthu amaivomereza idatuluka pa 21 Disembala 1913 m'nyuzipepala ya New York World ku America. Adaipanga ndi Arthur Wynne, mtolankhani wobadwira ku Liverpool ku Mangalande mu 1871, yemwe ankayang'anira tsamba la zosangalatsa lotchedwa Fun. Crossword yakeyo sinali yofanana ndi za masiku ano. Inali yosongoka pamwamba, pansi ndi m'mbali monga dayamondi wa pa makhadi, pakati pali mpata, ndipo inalibe timabokosi takuda. Iye adaitcha Word-Cross, koma posakhalitsa mawu awiriwo adasinthana malo n'kukhala Cross-Word.

Kwa zaka khumi sewerolo lidali la owerenga nyuzipepala zochepa chabe. Zinthu zidasintha mu 1924 pamene anyamata awiri, Richard Simon ndi Max Schuster, amene ankangoyamba kumene kampani yosindikiza mabuku, adatulutsa buku la ma crossword okhaokha, lililonse ali ndi pensulo yake yomangirira. Bukulo lidayenda malonda kwambiri, ndipo kampani ya Simon & Schuster idaimirira pamenepo. Si onse adakondwera. Nyuzipepala ya New York Times idanyoza sewerolo kuti n'kutaya nthawi chabe. Koma mu February 1942, America italowa m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, nyuzipepala yomweyo idayamba kusindikiza crossword yakeyake kuti anthu azipeputsako mitima. Mkonzi wake anali mayi Margaret Farrar, yemwe adagwira ntchitoyi mpaka 1969. Nthawi ya mayiyu ndi pamene malamulo a crossword ya chiamerika adakhazikika: timabokosi takuda tiziyalidwa mwakuti ukatembenuza pepala chadodolido chithunzi chikhale chomwecho, mawu asachepere malembo atatu, ndipo lembo lililonse likhale m'mawu awiri, lopingasa ndi lotsitsa.

Ku Mangalande sewerolo lidayenda njira ina. Daily Telegraph idayamba kusindikiza crossword mu 1925, The Times mu 1930. Angerezi adasiya timabokosi takuda tambiri, kotero kuti malembo ena okha ndi amene amakumana, koma nzeru zawo adaziika pa mafunso. Funso lidasanduka chilapi: limanena china, likutanthauza china. Akatswiri awiri a nyuzipepala ya The Observer ndiwo adakulitsa luso limeneli. Woyamba anali Edward Powys Mathers, wachiwiri Derrick Macnutt. Ankadzitcha Torquemada ndi Ximenes, mayina a akuluakulu a bwalo lija la Inquisition ku Spain, lodziwika ndi kuzunza anthu powafunsa mafunso. Macnutt anali mphunzitsi ngati ife, ankaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki pa sukulu ya Christ's Hospital. Mu 1966 adalemba buku la malamulo a lusoli, ndipo mfundo yake yaikulu ndi imene mphunzitsi aliyense wolemba mayeso amaidziwa: funso likhale lovuta mmene lingavutire, koma lisanamize woyankha. Akapeza yankho aone yekha kuti zonse zinali pamaso pake.

Mphunzitsi wamkulu ndi zinsinsi za nkhondo

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri ndi ya mphunzitsi wina, Leonard Dawe. Ameneyu ndiye adapanga crossword yoyamba ya Daily Telegraph mu 1925, ndipo adapitiriza ntchitoyi kwa zaka zambiri ali mphunzitsi wamkulu wa Strand School ya ku London. Nthawi ya nkhondo sukuluyo adaisamutsira ku Effingham, m'dera la Surrey, pothawa mabomba.

M'mwezi wa Meyi 1944 ndi kumayambiriro kwa Juni, asilikali a Britain, America ndi Canada ankakonzekera mwachinsinsi kuwoloka nyanja kukathira nkhondo asilikali a Germany ku France. Chilichonse chinali ndi dzina lobisa. Magombe awiri a ku Normandy adawatcha Utah ndi Omaha. Madoko oyandama adawatcha Mulberry. Mbali ya zombo inali Neptune, ndipo ntchito yonseyo inali Overlord. Tsono m'masabata ochepa nkhondoyo isanayambe pa 6 Juni, mawu onse asanuwa adatuluka ngati mayankho m'ma crossword a Daily Telegraph, limodzi ndi limodzi. Akazitape a boma a MI5 adadzidzimuka. Adamupanikiza Dawe ndi mafunso, poganiza kuti akutumiza uthenga kwa adani. Sadapeze mlandu, adamusiya, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankati zidangochitika mwangozi.

Patapita zaka 40, mu 1984, mmodzi wa ophunzira ake akale, Ronald French, adaulula mbali ina ya nkhaniyi. Dawe anali ndi chizolowezi choitana anyamata a pasukulupo kuti adzaze mawu m'timabokosi topanda kanthu, iye n'kudzalemba mafunso pambuyo pake. Pafupi ndi sukulu panali misasa ya asilikali a America ndi Canada, ndipo anyamatawo ankakhalira kucheza kumeneko. Mawu amene akuluakulu a nkhondo ankawabisa m'mabokosi okhoma, ana a sukulu ankawamva tsiku ndi tsiku. French, yemwe anali ndi zaka 14 mu 1944, adati Dawe ataona kope limene mnyamatayo ankalembamo mawuwo adamulamula kuti aliotche.

Ndikaiwerenga nkhaniyi sindiona za ukazitape kwenikweni. Ndimaona mphunzitsi amene sankadziwa zimene ana a m'kalasi mwake ankadziwa. Isungeni mfundo imeneyi, tiibwereranso.

Vuto la Chichewa m'timabokosi

Nditayamba ntchito kuno ku Mangochi ndidafuna kupangira ana crossword ya Chichewa. Ndinkaganiza kuti zikhala zosavuta popeza ndi chiyankhulo changa. Usiku woyamba womwewo ndidazindikira kuti ndadzinamiza.

Vuto loyamba ndi ili: mawu onse a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, a, e, i, o kapena u. Ngakhale mawu obwereka timawaveka lembo la liwu kumapeto: buku, sukulu, tebulo. Tsono taganizani mzere wapansi penipeni wa crossword. Lembo lililonse la mzere umenewo limene lakumana ndi mawu otsitsa ndi lembo lomaliza la mawuwo, choncho liyenera kukhala la liwu. Mukatsata lamulo la chiamerika loti lembo lililonse likhale m'mawu awiri, mzere wapansi wonse ukhala wa malembo a liwu okhaokha, ngati munthu akulira maliro. N'chimodzimodzinso mzere wa kumapeto kudzanja lamanja. Ndiye kuti crossword ya chiamerika m'Chichewa siitheka. Timatsata ya Angerezi, yodumphitsa lembo limodzi.

Ngakhale pamenepo, mzere wapansi umafuna mawu amene lembo loyamba, lachitatu ndi lachisanu onse ndi a liwu. Mawu ambiri a Chichewa amayamba ndi lembo lopanda liwu. Oyamba ndi la liwu ndi ochepa: mayina a m'gulu la U-Ma monga ulimi, ulesi, usiku, ndi ochulukitsa a m'gulu la Mu-A monga akazi ndi abale. Apa ndi pamene nyanja idandithandiza. USIPA ndi UTAKA ndi mawu a malembo asanu, oyamba ndi lembo la liwu, osinthanitsa bwinobwino. Amene mudali m'kalasi mwanga mukukumbukira kuti pafupifupi crossword iliyonse inkakhala ndi usipa pansi kapena utaka m'mbali, mpaka ena mudayamba kulemba USIPA musanawerenge n'komwe funso. Sikuti ndinkakonda ndiwoyo kuposa zina. Inali njira yokhayo yotsekera ngodya.

Pali chinyengo china chimene Chichewa chimalola. Mneni mmodzi mutha kumutalikitsa kapena kumufupikitsa mmene mukufunira: apita, adapita, akupita, adzapitanso. Mukasowa mawu a malembo asanu ndi awiri, mungowonjezera phatikizo. Ine ndidadziletsa zimenezi, chifukwa woyankha sangadziwe kuti mwa mitundu makumi awiri ya mneniyo mukufuna uti. Kumeneko n'kunamiza kumene Macnutt ankakana. Ndimagwiritsa ntchito mayina, ndipo mneni ndimamulola pokhapokha ali ndi ku- kumayambiriro.

Vuto lachiwiri ndi nkhodolero. Ng'ombe ilowa m'timabokosi tingati? Mukaisiya nkhodolero, ng' wa mu ng'ombe afanana ndi ng wa mu ngozi, chonsecho ndi maliwu awiri osiyana. Anzathu a zinenero zina adakumana nazo zotere. A ku Wales amaika malembo awiri monga ll, dd ndi ng m'kabokosi kamodzi popeza kwa iwo ndi lembo limodzi. A ku Netherlands kawirikawiri amachita chimodzimodzi ndi ij. A ku Japan amaika phatikizo lathunthu m'kabokosi kalikonse. Njira ya ku Japan ndidaiyesa ndi a Fomu 1 ndipo idayenda, paja ana athu amaphunzira kuwerenga ndi maphatikizo kuyambira Sitandade 1. Koma pa crossword ya malembo, ine ndimaika ng' yense m'kabokosi kamodzi ndipo ndimawauziratu oyankha.

Vuto lachitatu ndiye lalikulu, ndipo ndi limene lidandilowetsa m'mbiri. Pa chimangirizo mwana atha kulemba mau, wina mawu, mphunzitsi n'kumva zonse. Kabokosi sikamva zimenezo. Mau ndi timabokosi titatu, mawu ndi tinayi. Nchito kapena ntchito? Bvuto kapena vuto? Mcheni kapena ncheni? Wopanga crossword ayenera kusankha, ndipo akasankha ayenera kudziwa kuti adaika lamulolo ndani.

Amene adayamba kulemba mawu athu

Kulemba kudafika kunyanja kuno amishoni asanabwere. Mafumu a Chiyao amene ankachita malonda ndi a kugombe la nyanja ya mchere, monga Makanjira, anali ndi alembi olemba Chiswahili m'malembo a Chiarabu. Koma kulemba Chinyanja m'malembo amene tikugwiritsa ntchito lerowa kudayamba ndi amishoni, ndipo chodabwitsa n'chakuti kudayambira kutali ndi kuno.

Cha m'ma 1853, pafupi ndi Mombasa ku Kenya, mmishoni wa ku Germany Johannes Rebmann adakumana ndi kapolo wina dzina lake Salimini, wochokera m'chigawo chapakati cha dziko lathu lino. Rebmann adamva kuti munthuyu akuyankhula chinenero chachilendo ndipo adayamba kulemba mawu ake. Buku limene lidatuluka pa ntchitoyi, Dictionary of the Kiniassa Language, lidasindikizidwa mu 1877 Rebmann atamwalira kale. Pachikuto pali dzina la mzungu, koma mawu onse a m'katimo adatuluka m'kamwa mwa munthu amene adagulitsidwa ngati mbuzi.

Kenaka nkhani ikubwera m'boma lathu lino. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala idalowa m'nyanja kuchokera mu Shire, itanyamula amishoni a Livingstonia otsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws. Atapempha malo kwa mfumu Mponda adakakhazikika ku Cape Maclear. Mmodzi wa iwo, Alexander Riddel, adasonkhanitsa mawu amene ankamva kwa anthu a m'mbali mwa nyanja, ndipo mu 1880 ku Edinburgh kudatuluka buku lake la malamulo a Chinyanja monga chinkayankhulidwira ku nyanja ya Nyasa, lokhala ndi mndandanda wa mawu kumapeto. Malungo adawathamangitsa amishoniwo, mu 1881 adasamukira ku Bandawe, n'kusiya manda amene alendo amakaona mpaka lero. Inu a ku Chembe, Msaka ndi Monkey Bay dziwani kuti limodzi la mabuku oyambirira a galamala ya chinenero chimene mumalembera mayeso a MSCE lidachokera pa mchenga wa kwanu.

Pambuyo pake mabuku adachuluka. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre adatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja mu 1892, imene Alexander Hetherwick adaikonzanso mu 1929. Laws adatulutsa yake ya Chingerezi ndi Chinyanja mu 1894. A Anglican a UMCA, amene anali ku Likoma komanso kuno kwa Mponda ndi ku Malindi, ankalemba Chinyanja cha kunyanja m'njira yawoyawo. Chiyao nachonso chidalembedwa: mu 1919 kudatuluka Chiikala cha Wayao, buku la mbiri ya Ayao lolembedwa ndi wansembe Yohanna Abdallah, ndipo mu 1954 Dr Meredith Sanderson adatulutsa dikishonale ya Chiyao. Mishoni iliyonse inkamva ndi khutu lake n'kulemba ndi dzanja lake. Buku Lopatulika la 1922 lidayesa kugwirizanitsa zinenero za Chinyanja za madera osiyanasiyana, ndipo amene muli ndi lakale la agogo kunyumba mukaona kuti mudalembedwa cifukwa, osati chifukwa. Abale athu a ku Chipata ku Zambia akulembabe choncho.

Kalembedwe kamene timaphunzitsa lero n'ka posachedwa. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chinenero cha fuko pamodzi ndi Chingerezi. Mu 1972 boma lidakhazikitsa Chichewa Board, imene idatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990. Kuchokera m'malamulo amenewa timalemba ch pamene akale ankalemba c, timalemba tch mu ntchito, ndipo timaika r pambuyo pa e ndi i, l m'malo ena onse. Mu 1996 ntchito ya bungweli idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, imene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wofotokoza mawu a Chichewa m'Chichewa momwemo.

Choncho pamene Arthur Wynne ankajambula crossword yake mu 1913, Chingerezi chinali chitakhala ndi kalembedwe kokhazikika kwa zaka zoposa zana. Ife kalembedwe kathu kadakhazikika makolo athu ali kale akuluakulu. Tisadabwe kuti ma crossword a Chichewa ndi osowa. Sewerolo limafuna kuti wopanga ndi woyankha agwirizane pa lembo lililonse, ndipo mgwirizano umenewo kwa ife ukadali wanthete.

Tsiku limene ndidalakwa

Tsopano ndibwerere kwa Dawe ndi ana ake. Chaka china, pa sukulu ina imene ndinkaphunzitsa kufupi ndi nyanja ya Malombe, ndidatopa ndi kupanga ndekha. Ndidajambula timabokosi topanda kanthu pa bolodi n'kuuza a Fomu 2 kuti adzaze mawu m'magulu, ine ndikalemba mafunso kunyumba. Nthawi imeneyo nkhani ya Dawe ndinali ndisanaimve. Pochonga usiku ndidapeza gulu lina litalemba NKACHA. Mawuwa ndinali ndisanawamvepo. Ndidayang'ana m'buku limene ndinali nalo, munalibe. Ndidatenga bolopeni yofiira n'kudula, pambali n'kulemba kuti si Chichewa.

M'mawa mwake mnyamata wina wa m'gululo, wofatsa, amene kawirikawiri sankayankhula m'kalasi, adaimika dzanja. Adati, "Sala, mwati nkacha si mawu?" Ndidati m'buku mulibe. Iye adati, "Nanga fizi yanga ikuchokera kuti?" Kalasi yonse idaseka, koma iye sadaseke. Adafotokoza kuti nkacha ndi ukonde wogwirira kambuzi pakati pa nyanja, woponyedwa ndi maboti awiri, ndipo munthu mmodzi amamira pansi kukamanga chingwe cha m'munsi kuti nsomba zisathawe. Womirayo anali bambo ake.

Ndidachita manyazi. Ndidadula ndi inki yofiira ntchito imene bambo a mwanayo ankaikira moyo wawo pachiswe m'mawa uliwonse, chifukwa choti munthu wina amene adalemba buku kutali sadafike ku Malombe. Ndipo ndikadakhala kuti mbiri ndinkaidziwa bwino, ndikadakumbukira kuti buku lililonse la mawu lidayamba ndi munthu wonga Salimini, kapena msodzi wa ku Cape Maclear, akuuza mlendo dzina la chinthu. Buku limatsatira pakamwa. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Ndidapepesa pamaso pa kalasi, ndipo Lachisanu lotsatira tidasintha sewero. Aliyense adabwera ndi mawu asanu a kwawo amene ankaganiza kuti ine sindiwadziwa. Bolodi idadzaza. Chilimira, ukonde wa usipa ndi utaka. Kauni, usodzi wa usiku wokopa nsomba ndi nyali. Bonya, usipa waung'ono. Kandwindwi. Mbaba, mlamba, bombe, kampango. Mwera ndinkaudziwa, koma za vuma ndi mmene asodzi amaonera kuti mphepo isintha adandiphunzitsa ndi iwo. Ambiri mwa anawo kunyumba ankayankhula Chiyao, ndipo adafunsa ngati mawu a Chiyao angalowe. Ndidavomera, bola funso linene kuti yankho ndi la m'Chiyao. Ndi mmene tidalowetsera nyasa, mawu a Chiyao otanthauza nyanja, amene David Livingstone atafika kuno mu 1859 adawatenga ngati dzina la nyanjayi, mpaka dziko lonse n'kudzatchedwa Nyasaland.

Koma panali mawu amodzi amene adabwera ndi mtsikana wina atawamva kwa agogo ake, ndipo m'kalasi monse munalibe wina wowadziwa: ntchila. Nsomba imeneyi m'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa zogwidwa kwambiri kum'mwera kwa nyanja kuno, koma idachepa mpaka kusowa pamsika. Tidakangana ngati tilembe nchila, ntchila kapena ntchira motsata lamulo la r, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene adaionapo nsombayo. Chambo cha ku Malombe nachonso chidalowa pansi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, n'chifukwa chake mu 1993 kudayamba makomiti a m'madoko oyang'anira usodzi ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire. Nsomba ikasowa m'madzi, dzina lake limatsala pakamwa pa agogo kwa kanthawi, kenaka limapita nawo kumanda. Ukonde ukaletsedwa kapena kusiyidwa, mawu onse ozungulira ukondewo amapita nawo limodzi.

Sindikunena kuti crossword ingabweze ntchila m'nyanja. Koma kuyambira tsiku limenelo kope langa lili ndi mbali ziwiri. Kutsogolo kuli timabokosi. Kumbuyo kuli mawu amene ana adandipatsa, ndi mudzi umene adachokera, ndi tanthauzo monga mwini wake adanenera. Mawu akalowa m'crossword, ana makumi asanu ndi limodzi amawawerenga, amawerengera malembo ake, amakangana za kalembedwe kake, ena amakafunsa kunyumba. Kwa mawu amene sadalembedwepo, kumeneko n'kuyamba.

Pempho langa

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu a Chichewa, yesani. Simufuna kompyuta. Tengani pepala la m'kope la masamu, jambulani timabokosi tisanu m'litali ndi tisanu m'lifupi. Detsani kachiwiri ndi kachinayi pa mzere wachiwiri, chimodzimodzinso pa mzere wachinayi. Mwatsala ndi mawu atatu opingasa ndi atatu otsitsa. Yambani ndi ngodya ya pansi kudzanja lamanja, chifukwa ndi kumene Chichewa chimavutira, mukwere chobwerera. Mukazolowera, asiyireni ana adzaze okha, ndipo mukapeza mawu achilendo funsani kaye musanatenge bolopeni yofiira.

Inu ophunzira anga akale, kaya muli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, mukadali ndi mawu a kwanu m'mutu. A ku Makanjira, a ku Namwera, a ku Nankumba, a kwa Chimwala, nditumizireni. Kumbuyo kwa kope kukadali malo.

Pomaliza nayi yaing'ono, ya timabokosi tomwe ndafotokozato. Yankho lililonse ndi la malembo asanu.

Opingasa
Mzere woyamba: Limamva zonse za m'mudzi koma silinenapo kanthu.
Mzere wachitatu: Kumanda ndiwo amakumba, ku chikamwini ndiwo alendo.
Mzere wachisanu: Amautsata ndi nyali usiku, m'mawa uli pa thandala.

Otsitsa
Mzere woyamba: Dzino limodzi, koma limadyetsa banja lonse.
Mzere wachitatu: Umalowa pa diso la mnzake kuti chigamba chigwire.
Mzere wachisanu: Nsomba ya chilimira, msuweni wake wa chambo.

Awiri mwa mayankhowa ndakupatsani kale m'nkhaniyi, ndipo amene mudali m'kalasi mwanga mukudziwa pamene ali. Enawo ndidzalemba sabata yamawa.